Maliro Okana pa Khwekhwerere

Kalekale, koma osati kale la mikondo ayi, kale la magalimoto a dizilo omwewa, kunamwalira bambo wina dzina lake Gelevazio. Ankasoka nsapato ku Golomoti, koma kwawo kunali kumtunda, ku Dedza. Anasiya mkazi, Rufina, ndi kamwana koyamwa.

Achibale anachita hayala pikapu, anakweza bokosi, anthu n'kukhala molizungulira. Anauyamba msewu wokwera phiri wa Khwekhwerere dzuwa litakwera kale. Unali mwezi wa Okutobala, aliyense anali atachezera pamaliro, ndipo thupi pa kutentha koteroko silidikira munthu.

Pa chitunda choyamba galimoto inafooka. Injini sinazime, koma dalaivala, Tobiyasi, ngakhale aponde mafuta bwanji, inkangokwawa, kagetsi kachikasu katayaka patsogolo pake. Anaimika. Malume ake a malemu, a Kamtedza, anatsika n'kuvula chipewa.

"Akukana," anatero.

Mukudziwa mmene timachitira maliro akakana. Tobiyasi anazimitsa injini mwaulemu, a Kamtedza anagogoda bokosi. "Gelevazio, tiye kwanu. Amayi ako akudikira, usativutitse." Tobiyasi ataliza injini, kagetsi kaja kanali katazima ndipo galimoto inakwera bwinobwino. Pa chitunda china zinabwereza. Anamulankhulanso, inayendanso. Itafooka ulendo wachitatu, a Kamtedza sanayang'anenso bokosi. Anayang'ana Rufina.

"Munthuyu akukana kuyenda ndi mkaziyu. Akudziwa chimene anamuchita. Mayi, tsikani."

"Apongozi, ndamudwazika ndekha munthuyu," anatero Rufina, mawu atasasa.

"N'chifukwa chake palibe wina anaona. Tsikani."

Rufina analibe wachibale m'galimotomo. Ankadziwa kuti akatsika, galimoto n'kukwera bwino, nkhani yathera pomwepo. Dzina lake lidzakhala "uja anapha mwamuna" mpaka kumanda, ndipo mwana anali kumsanayo adzakula akulimva pachitsime.

Tsono mwa anthu a m'galimotomo munali atatu oti tiwatchule.

Woyamba anali Yotamu, mnzake wa malemu, makaniko wa pansi pa mtengo. Anthu akukangana, iye anatsegula boneti. Galimoto zoterezi zili ndi tebo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti ipeze mphamvu pokwera. Mpweyawo ukachepa, injini imakhala ngati khanda lotseka mphuno: bere lilipo, koma kuyamwa likulephera. Kompyuta ya galimoto ikaona zimenezo imachepetsa mphamvu dala kuti pasawonongeke kanthu. Ukazimitsa imaiwala, mpaka chitunda china.

Yotamu anauza Tobiyasi kuti alize n'kuponda mafuta. Utsi panalibe, tebo sinkalira mwachilendo. Anapapasa paipi yaikulu ya mpweya, sanapeze poboola. Kenako anaona kuti kachitsulo kamene kamakokedwa kuti tebo ikankhe mwamphamvu sikankasuntha. Chimene chimakakoka ndi mpweya wodzera m'kapaipi kowonda ngati chala cha mwana. Anazula mutu wa kapaipiko, anauika pakamwa n'kukoka mpweya, kachitsulo kaja kanasuntha. Ndiye tebo inalibe vuto. Atayang'ana mutu umene anazulawo, unali wong'ambika. Anadula pong'ambikapo ndi mpeni n'kubwezeretsa.

"A Kamtedza, si malemu ayi. Ndi kapaipi, ndakonza."

"Kapaipi kamamva zolankhula? Nanga bwanji tikamulankhula ikumayenda?"

"Chifukwa inu mukamalankhula, adalaivala akumazimitsa."

"Iwe pukuta milomo, uli ndi oilo. Tionera pomwe pano. Mkaziyu atsale."

Yotamu anangoima, mpeni uli m'manja. Anali atakonza galimoto kuti ikwere, ndipo tsopano ikwera Rufina atatsala.

Wachiwiri anali Tobiyasi dalaivala uja. Iye sanali wachibale wa aliyense, ankangofuna akatule maliro akagone. Koma zonse anazimva. Rufina atatsika n'kukhala pamwala, akupatsa mwana bere, Tobiyasi anati, "Dikirani ndione madzi." Anatsegula boneti n'kuzulanso kapaipi kaja mobisa. Ananyamuka, ndipo pa kona yotsatira, Rufina akuonekerabe kumunsi, galimoto inafooka ngati poyamba.

Zimenezi sizinali zaulere. Dzuwa linali paliwombo, azimayi anayamba kukokera zitenje kumphuno, ndipo kumudzi adzukulu anali atakhala m'mbali mwa dzenje ndi njala. Komanso a Kamtedza sanagonje.

"Mwaona? Sachoka paphiri pano mpaka mkaziyo aulule."

Tobiyasi anagoneka mutu pachiwongolero.

Wachitatu anali Delifa, mchemwali wake wamkulu wa malemu. Ameneyu sankamukonda Rufina n'pang'ono pomwe, ankanena poyera kuti mlongo wake anakwatira mkazi wosadziwa kupereka moni. Koma tsiku limenelo anakhala kutsogolo, ndipo pa mpata wa pansi pa boneti anaona dzanja la Tobiyasi likuzula. Anatsika pang'onopang'ono, miyendo itatupa.

"Malume, mwalankhula mokwanira. Uyu ndinamubereka kumsana ndine, ndipatseni mpata."

Anagogoda bokosi. "Geleva, ndine Delifa. Watitopetsa iwe. Nena chimene ukufuna." Anaika khutu pathabwa, anakhala choncho mpaka anthu onse anati zii. Kenako anaweramuka.

"Akuti simunamumvetse. Chichokereni akufuna mkazi wake akhale kumutu kwa bokosi. Inu munamukhazika kumapazi ngati wopempha lifiti, pano mwamutaya pamsewu."

"Wamva zimenezo iwe?" anafunsa a Kamtedza.

"Mukufuna muike khutu nokha?"

Ndi fungo limene linalipo, a Kamtedza sanafune.

Delifa anatsetsereka wapansi mpaka pamwala paja, anatenga mwana n'kumubereka. "Nyamuka, mlamu. Ndipo usaganize kuti ndayamba kukukonda." Iwo akukwera, Tobiyasi anatsegulanso boneti.

"Galimoto yako imamwa madzi ngati ng'ombe," anatero a Kamtedza.

"Ndi kutenthaku, bwana," anayankha Tobiyasi, akubwezeretsa kapaipi.

Rufina anakhala kumutu kwa bokosi, dzanja pathabwa, ndipo pikapu inakwera Khwekhwerere yonse osafookanso. Anaika maliro dzuwa likupendeka, mwachangu, alaliki n'kudula ulaliki pakati. Kumudziko nkhani inamveka yakuti Gelevazio ankakonda mkazi wake mpaka anaimitsa galimoto paphiri, ndipo azimayi amene akanamulavulira Rufina ndi amene ankamupatsa madzi osamba.

Zonse zimene zinachitika pansi pa boneti Rufina anazimva kwa Yotamu, kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lakumeta, pogawa katundu wa malemu, achibale anamusiyira wailesi ya mwamuna wake kuti apatse amene akufuna kumuthokoza. Onse atatu analipo, ngakhale Tobiyasi, amene anabwera kudzatenga anthu obwerera ku Golomoti. Rufina anaima ndi wailesi m'manja, maso olemera ndi tulo, mwana akumukoka bulauzi.

Yotamu ndiye anapeza vuto. Popanda iye, sipakanakhala chozula kapena chobwezeretsa, ndipo maliro akanaonongekera paphiri. Ndi yekhayo amene ananena zoona tsiku limenelo. Koma zoona zakezo zikanamusiya Rufina pamwala ndi dzina la wakupha.

Tobiyasi anaika ntchito yake pachiswe chifukwa cha mkazi wosamudziwa n'komwe. Koma anaononga dala chimene mnzake anakonza, anasunga thupi la munthu padzuwa, ndipo pazokha zimene anachitazo sizinawatembenuze a Kamtedza.

Delifa ndiye anawatembenuza. Koma anamuikira wakufa mawu m'kamwa, ndipo galimoto ikanapanda kukwera, bodza lake likanamugwera Rufina yemweyo. Komanso chifukwa cha iye, m'mudzi umenewo palibe amene analabadira za kapaipi. Tsiku lina galimoto ina idzafooka pa Khwekhwerere, ndipo adzayang'ananso wamasiye wina.

Wailesi ndi imodzi, ndipo anthu akudikira. Inu mukanakhala Rufina, mukanaipereka m'manja mwa ndani: amene anakonza, amene anaononga, kapena amene ananama?