Madiresi Awiri a Bweranimawa

Telala wa pakona ankadziwika ndi dzina loti Bweranimawa. Dzinali sanapatsidwe ndi makolo ayi, analisoka yekha ndi pakamwa pake. Ukamupititsira nsalu, ngakhale ntchito itamufika m'khosi, ankangoti, "Musadandaule, bwerani mawa." Mawu oti "ayi" mkuluyu ankawaopa ngati matenda.

Pakhoma la shopu yake, pamwamba pa makina, panali kalendala yakalekale imene anakana kuichotsa. Inali ndi chithunzi cha chilumba cha pakati pa nyanja yamchere: mitengo ya kokonati, mchenga wakuda bii, ndi phiri lofuka utsi pansonga. Akatopa ndi kupalasa makina ankadzutsa mutu n'kunena kuti, "Ndisanafe ndidzakasuzumira m'kamwa mwa phiri ili."

Ndiye tsiku lina mwayi unamugwera. Kampani yogulitsa makina osokera inachita mayere pakati pa makasitomala ake, ndipo linatuluka ndi dzina lake: ulendo wa anthu awiri wopita kuchilumba chomwecho. A ku ofesi yokonza maulendo anamuuza kuti malo awiriwo atha kupatsa aliyense wa kubanja kwake, bola mapasipoti awiri akhale atafika pofika Lachisanu.

Mkazi wake atamva sanafunse n'komwe ngati akupita. Anangoti, "Bambo, tinyamuka liti?"

"Posachedwapa, mayi. Kungoti musawauze kaye achemwali, mukuudziwa mtima wawo."

Koma nkhani yabwino ili ndi miyendo. M'mawa mwake mlongo wake wamkulu, amene anamulera komanso kumugulira makina ake oyamba, anatulukira pashopu. Mayiyu ndi mlamu wake sankamwerana madzi kuyambira tsiku la ukwati. Mlongoyo anakhala pampando wa makasitomala, n'kuyamba kupukuta m'maso momwe munalibe ndi dontho lomwe.

"Ndamva, mchimwene wanga. Ine amene ndinakubereka kumsana, kodi ndifa ndisanakwereko ndege?"

Apa m'pamene munthu wanzeru akanameza malovu n'kunena zoona. Koma Bweranimawa ndi Bweranimawa basi. "Achemwali, malo enawo ndi anu. Alamu anu ndiwafotokozera ndekha mawa."

Mumtima ankati mmodzi agwa ulesi yekha, ndipo anayesa kuwathandiza. Anauza mkazi wake kuti phirilo limalavula moto ndi miyala popanda kuodira. "Ndakhala nanu zaka zonsezi, ndingaope phiri?" anayankha mayiyo akupukuta sutikesi. Anauzanso mlongo wake za chitunda chothyola mawondo. "Mawondowo ndi anga, iwe usavutike nawo," anatero winayo, ndipo tsiku lomwelo anakagula nsapato za mphira.

Kenaka aliyense payekha anapempha diresi la paulendo. Telala anali ndi mpukutu umodzi wa nsalu yachikasu ya maluwa ofiira ngati malawi. Dzanja la ntchito silikonda kudula kawiri chimene lingadule kamodzi: anapinda nsaluyo, n'kudula madiresi awiri ndi sizasi imodzi, la mlongo wake n'kulikulitsako m'chiuno. Onse awiri anawasokera kathumba kobisika m'kati koikamo pasipoti, luso limene ankanyadira kuti analitulukira yekha.

"Diresi ili palibenso wina ali nalo padziko pano," anauza mkazi wake. Mawu omwewo anauzanso mlongo wake.

Lachisanu linakwana asanauze aliyense zoona. Anatuma mkazi wake kuti akapereke pasipoti m'mawa, mlongo wake masana. Yake anaisiya m'dirowa, poganiza kuti mawa akachonderera a ku ofesi kuti amuwonjezere malo achitatu. Anaiwala kuti mlongo wake akamva "masana" amafika kusanatsegulidwe.

Dzuwa lili pamutu, ali mkati mopinda thalauzi, pakhomo panachita mdima. Atadzutsa maso anaona madiresi awiri achikasu akulowa atagwirana manja. Singano inamubaya chala, koma sanamve n'komwe.

"Mchimwene, taona! Tachita kukhala ngati mapasa," anatero mlongo wake akuzungulira kuti diresi lioneke bwino.

"Tinakumana pabenchi ya ku ofesi," anatero mkazi wake, mawu ali ozizira bwino. "Ine kupisa dzanja m'kathumba kanga kachinsinsi, alamu nawonso kupisa m'kawo. Tinayang'anana, bambo. Kenaka tinaseka mpaka mlonda anabwera kudzaona."

"Ndikhoza kufotokoza..."

"Usavutike," anamudula mlongo wake. "Mtsikana wa pakauntala anati pakufunika mapasipoti awiri a banja la opambana. Tinawerenga: yanga, ya alamu. Awiri ndendende!"

Bweranimawa anatsegula dirowa, n'kuthamangira ku ofesi ndi pasipoti yake, tepi yoyezera ikali m'khosi. Mtsikana uja anamulandira mwaulemu, n'kumuuza kuti matikiti atuluka kale ndipo mayina sasinthidwa. "Nanga ndikabwera mawa?" anafunsa telala. Mtsikanayo anapukusa mutu. Mkuluyu zinamuwawa kwambiri, moti pobwerera anadutsa pashopu pake osaiona.

Tsiku la ulendo ndiye anasenza masutikesi onse awiri. Amayi aja anamusiyira malangizo a kathiriridwe ka maluwa, n'kulowa pachipata cha bwalo la ndege akunong'onezana ngati atsikana a sukulu.

Anabwerako atada ndi dzuwa, nkhani zili m'kamwa tho. Anakwera phiri lija mpaka pamwamba, wina akukoka mnzake, ndipo anasuzumiramo. "Mumanunkha ngati mazira owola, koma kukongola kwake, iii, sungamvetse," anatero mlongo wake. Mkazi wake anapisa m'kathumba kaja n'kutulutsa kamwala kotuwa, kopepuka, kodzaza timabowo. "Takutengerani, bambo. Akuti n'kabwino kukhulira zidendene."

Kamwalako kali pawindo la shopu mpaka lero, ndipo kalendala ija anaitembenuzira kukhoma. Amayi awiri aja tsopano sasiyana, ndipo akagwirizana chinthu, telala alibe kothawira. Amene ankathamangira uku ndi uku kuti asakhumudwitse aliyense ndiye anatsala pabwalo, mvula n'kumuthera pathupi. Akulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.