Masamba Pamsewu wa Katapila

Panali mayi wina, dzina lake Nanthambwe, amene ankakhala m'nyumba ya njerwa kumapeto kwa tauni. Mwamuna wake atamwalira, anabindikira m'nyumba monga mwambo unenera, kudikira tsiku lometa.

Ali mkati mwa misozi choncho, khonsolo inagamula kuti nyumba za mzere wakewo zigwetsedwe, pamangidwe mashopu. Inapereka nthawi yoti wodandaula adandaule, koma kanthawi kake kochepa ngati mchira wa mbuzi.

Atameta, Nanthambwe anapita kukadandaula. Anamuuza kuti wachedwa. Iye ndi anzake anapempha kuti nthawiyo iwonjezedwe, poti munthu sangalire mwamuna n'kumathamangiranso ku ofesi. Makhansala anakana onse, ati chitukuko sichidikira munthu, ati mukatalikitsa nthawi aliyense adzabwera ndi kadandaulo kake ndipo sipadzaimanso khoma m'tauni muno. Anthu omwewa, msonkhano wa m'mawa amauyamba dzuwa litapendeka!

Mayiyo zinamuwawa, ndipo anakwiya koopsa.

Tsiku logwetsa nyumba litafika, anathyola nthambi za mtengo wa mango n'kuziyala pamsewu, mmene timachitira pakagwa zovuta. Amayi anzake analowa m'nyumba mwake n'kuyamba nyimbo za maliro. Ena anamunong'oneza kuti akuitana malodza. Iye anati malodza anafika kale, ali m'njira ndi mafuta a boma.

Katapila, chimakina chogwetsera nyumba, anabwera akubangula, wapampando wa khonsolo ali pambuyo pagalimoto. Woyendetsa ataona masamba ndi kumva nyimbo, anazimitsa injini, navula chipewa. Wapampando anamukalipira kuti apitirire, koma iye anati chibadwire sanagwetsepo nyumba ya siwa.

Wapampando anatsika, nafunsa kuti wamwalira ndani.

"Ndi maliro aja munakana kuwadikira," anatero Nanthambwe. "Khalani pansi, bambo. Pamaliro sayang'ana wotchi, ndipo mlandu suola."

Anthu onse anali atakhala pansi, maso ali pa wapampandoyo. Akanatani? Anakhala pamkeka ndi suti yake, namva dandaulo lonse, la mayiyo ndi la anansi ake, mpaka womaliza. Katapila anabwerera osakhudza njerwa, ndipo nkhani ya mzere uja inayambiranso poyamba, eni nyumba ali pomwepo.

Tsono inu mukundimvera, adzakuuzani kuti mwachedwa. Afunseni kuti nthawiyo anaidula ndani, ndipo poidula ankaganiza za yani: wamasiye, wodwala, kapena mwini mashopu? Musabwerere kwanu mutu uli pansi. Amene akuthamangira kugwetsa nyumba yanu si amene adzagone panja, mudzagona panja ndinu.