Bowa wa Nangondo

Ana inu, kale anthu akazula bowa sankaonetsa munthu. Ankangochoka kuthengo n'kulunjika pamoto.

Masiku amenewo kunali mayi wina dzina lake Nangondo, katswiri wa bowa, koma makani ake osanena. Iye ankakhulupirira kuti bowa amene kamba waluma sangaphe munthu. Anamuuza choncho ndi amayi ake, ndipo anakalamba nazo osazikayikapo.

Tsiku lina mvula itakata, anabwera ndi lichero lodzaza bowa woyera, yense wolumidwa ndi kamba. Nabiyeni, mkazi wa mwana wake amene anatengwa kuseri kwa phiri, ataona bowayo anagwada. Ananena motsitsa mawu kuti kwawo bowa wotere anatha banja lonse, ndipo kamba amadya zimene munthu sangadye.

"Mwabwera dzana lomweli, apongozi, lero mundiphunzitse bowa?" anatero Nangondo.

Anaphika, nathira nsinjiro, n'kupita kukatunga madzi. Ankafuna kuti akabwerako adye yekha anthu akuona, mtengwayo achite manyazi. Pobwera anapeza mphika uli wovundukula. Mdzukulu wake Ndaziona, mwana wa Nabiyeni yemweyo, anali chikhalire pambali pake akunyambita zala.

Dzuwa lisanapendeke mwana anayamba kubuula. Maso anatembenuka, manja anazizira. Ndikuuzani, palibe mantha oposa kuona mwana akutsirizika ndi ndiwo zimene waphika wekha. Nangondo anachita kukwawa mpaka pamapazi a mtengwa uja.

"Apongozi, ine sindidziwa kanthu. Kwanu mumatani?"

Nabiyeni sanamuyang'ane n'komwe. Anamusanzitsa mwanayo mmene amachitira kwawo, ndipo anakhala naye pamphasa masiku atatu, gogoyo akuthamangira chilichonse chimene watumidwa. Ndaziona anadzuka, koma maso ake sanaonenso mpaka anakalamba.

Kuyambira pamenepo Nangondo akazula bowa, ngakhale amene ankadya kuyambira ali mwana, ankayenda naye khomo ndi khomo kufunsa ngati ndi wodya. Ena ankamuseka. Iye ankangoyankha kuti safunsa anadya phula, koma lake amene analidya ndi mdzukulu wake.

Ndi chifukwa chake lero bowa sapita pamoto munthu wachiwiri asanamuone. Amayi anu akamaitana anzawo kuti adzasuzumire m'lichero, musamati sadziwa bowa. Amamudziwa bwino, koma Nangondo ankamudziwa kuposa iwo.