Kam'khutu ka Selotepi Yofiira

Ku Balaka kunali bambo wina woimba ng'oma. Anaimba m'bandi ya mpingo wake kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Pamene ankayamba, ng'oma zinali za chikopa cha ng'ombe. Pambuyo pake mpingo unagula ng'oma zakusitolo, zonyezimira, koma mpando sunasinthe. Kanali kampando kathabwa kamene anakhoma yekha, ndipo panalibe wina amene ankakhalapo. Aliyense m'bandimo ankamutchula kuti Madala.

Chaka china m'bandimo munalowa munthu watsopano. Anali wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika, munthu wosalankhulalankhula, ndipo anamupatsa ntchito yoyang'anira makina a mawu. Munthuyu anabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali laputopu. M'menemo anali atajambuliramo zimene bandiyo inalibe: malipenga, ndi kwaya yaikulu yovomera pa kolasi. Bandi ikamaimba iye ankayatsa zojambulazo, ndipo anthu asanu ankamveka ngati khamu. Chachiwiri chinali timahedifoni ting'onoting'ono tolowetsa m'khutu, aliyense kake. Oimbawo ankangoti tam'khutu.

Tam'khututo tinali ndi ntchito yake. Zojambula sizidikira munthu. Lipenga limalowa pa nthawi yake, kaya bandi yafika, kaya sinafike. Ndiye m'kam'khutu munkamveka kugunda, ke, ke, ke, ke, kosathamanga, kosachedwa, kuti oimba onse ayendere limodzi ndi laputopu. Anthu omvera sankamva kugundako, ankangomva nyimbo. Wa makina uja analinso ndi maikolofoni yakeyake yolankhulira m'makutu mwa oimba okha.

Anzake anakondwera nazo. Madala sanakondwere. Mumtima anati, "Zaka zonsezi ndine ndimapatsa nyimbo mayendedwe. Lero andiuze kabokosi? Bokosi lotha kuimba lipenga lingalephere kuimba ng'oma?"

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuyang'anitsitsa. Ndipo munthu woyang'anitsitsa sasowa choona.

Lachitatu lina pokonzekera nyimbo, wa makina anaika foni pampando pafupi ndi ng'oma. Anati, "Madala, taimbani nyimbo ija nokha, mmene mumaikondera. Katatu." Madala anaimba, koma diso lili pa foniyo. Anati mumtima, "Akujambula manja anga. Akawalowetsa m'bokosi, mwini manja apite kwawo."

Sabata yotsatira anapeza wa makina ali pakhomo la tchalitchi ndi mayi Nankhoma, amene ankatsogolera bandiyo ndi kuimba patsogolo. Ankanong'onezana. Wa makina anagwira khutu lake, mayi Nankhoma anagwedeza mutu. Atamuona Madala akubwera, onse awiri anangoti chete.

"Mwaswera bwanji, Madala?"

"Taswera. Pitirizani nkhani yanu, ine ndangodutsa."

Kenaka panabwera nkhani ya selotepi. Tam'khutu ta anzake tonse tinali takuda. Kake kokha kanali kokulungidwa selotepi yofiira mbali imodzi. Pomupatsa, wa makina anati, "Kofiiraka kazilowa kumanja nthawi zonse, Madala." Madala anakatembenuza m'manja. Anakumbukira kuti anthu a nkhalango akafuna kudula mtengo, amayamba aupaka utoto wofiira.

Panali zinanso zing'onozing'ono. Wa makina akafuna kulankhula naye, ankazungulira kumbuyo kwa ng'oma mpaka kukaima kudzanja lake lamanja. Mawaya ankawadutsitsa kutali ndi mapazi ake. Tsiku lina anayala thumba lopindidwa pansi pa ng'oma yaikulu kuti isamatsetsereke pasimenti. Madala anaona zonsezi, koma anati, "Mbuzi yokaphedwa amayamba aipatsa madeya."

Kunyumba anauza mkazi wake. Mayiyo anati, "Bambo a Tiyanjane, mwawafunsa eni akewo?"

"Ndiwafunse kuti chiyani? Mbewa imafunsa diwa kuti wakutchera ndani?"

Ndiye sanafunse. Anasunga zonse m'mimba, zikukula.

Linafika Loweruka la msonkhano wa makwaya ndi mabandi a m'chigawo chonse. Unachitikira pabwalo la sukulu ya pulaimale, dzuwa lili pamutu. Gulu lililonse analipatsa nyimbo ziwiri zokha. Nsanja inali kumapeto kwa bwalo, masipika atayang'ana kwa anthu, ndipo kumbuyo kwa anthuwo kunali khoma lalitali la makalasi.

Asanakwere pansanja, wa makina anawasonkhanitsa. Anati, "Khoma lija lizibweza mawu mochedwa. Za panja musazimvere. Mverani za m'khutu basi."

Madala anamva mawu amenewa ngati chitseko chikutsekedwa. Anati mumtima, "Eya. Tisamve za panja, kuti ndisadziwe kuti ng'oma zimene zikupita kwa anthu si zanga. Ine ndizingovina ndi timitengo ngati chidole, bokosi likuimba. Lero ndiwagwira."

Nyimbo yoyamba inayamba bwino. Ke, ke, ke, ke. Gitala analowa, kiyibodi inalowa, mayi Nankhoma anakweza mawu. Amayi kutsogolo anaimirira ndi kuyamba kuvina. Vesi yoyamba ili pakati, Madala anakweza dzanja lamanzere, nakoka waya. Tam'khutu tonse tiwiri tinagwera paphewa.

Anamvetsera.

Anagunda ng'oma yaikulu, di. Patapita kamphindi, kuchokera uko kubwalo, ng'oma ina inalira, di. Anagundanso. Inayo inaliranso, pambuyo pa dzanja lake.

Anati mumtima, "Ndawagwira! Ng'oma ziwiri. Imodzi yanga, inayo ya m'bokosi."

Anafuna kuipeza ng'oma inayo kuti aione ngati ingalimbane naye. Anachedwetsa dzanja pang'ono kuti agundire nayo limodzi. Nayo inachedwa. Anaidikira, nayo inamudikira. Anachedwetsanso. Woimba gitala anamuyang'ana ndi maso aakulu. Paphewa pake kam'khutu kankalirabe, ke, ke, ke, ndipo munkamveka timawu tating'ono, koma iye sanatimve.

Laputopu sinadziwe kuti Madala ali pa nkhondo. Inangopitirira ulendo wake. Mayi Nankhoma, khutu lina likumva kugunda, thupi likukokedwa ndi ng'oma, anatsalira m'mbuyo. Akadali pakati pa vesi, malipenga analowa ndi mphamvu zonse. Kenaka kwaya yojambulidwa ija inavomera kolasi imene munthu anali asanayambitse. Amayi ovina aja anaima, mwendo uli m'mwamba. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kodi kwayayo mwaibisa pansi pa tebulo? Itulutseni tiione!" Bwalo lonse linaseka.

Wa makina anazimitsa laputopu. Mayi Nankhoma anatsitsa maikolofoni, nayang'ana pansi.

Wolengeza anati, "A ku Balaka, pepani. Pumani pang'ono. Mwatsala ndi nyimbo imodzi."

Madala anatsika pansanja, timitengo tili m'khwapa. Anapita molunjika patebulo la makina. Anaponya tam'khutu patebulopo nati, "Yatsani ng'oma zanuzo zimalize. Ndazimva ndi makutu anga. Kampando kanga ndikutenga."

Wa makina sanakweze mawu. Anaimirira, nazungulira tebulo, nakaima kudzanja lamanja la Madala monga mwa masiku onse. Anatembenuza laputopu kuti aone. Munali mizere itatu. Anailoza umodziumodzi.

"Awa malipenga. Iyi kwaya. Uku kugunda kwa m'khutu. Ng'oma mulibe, Madala. Sindinaikemo."

"Nanga imene imandiyankha ija?"

Wa makina anatenga maikolofoni yopita kumasipika, naigogoda kamodzi ndi chala. Phu. Patapita kamphindi, khoma la makalasi linayankha. Phu.

"Ndi khoma. Mumalimbana ndi dzanja lanu lomwe."

Madala anayang'ana khoma lija. Koma kukayika sikufa ndi nkhonya imodzi. Anati, "Nanga munkandijambuliranji?"

"Ndinkayeza mayendedwe anu. Kugunda kuja ndinakutchera pa liwiro la manja anu, kuti bokosi lizitsata inuyo."

"Nanga selotepi? Nanga zonong'onezana pakhomo?"

Apa wa makina anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu kuti ena asamve. "Khutu lanu lakumanzere latopa. Ndinaona mmene mumatembenuzira mutu munthu akamalankhula. Ndiye mawu onse a m'tam'khutu tanu ndinawasamutsira kumanja, n'kuikapo chizindikiro kuti musasinthanitse. Mayi Nankhoma ndinkawapempha kuti zisamveke kugulu."

Khutu limenelo linali litayamba kutseka zaka zitatu zapitazo. Madala sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Ankaopa kuti zikadziwika amuchotsa pa ng'oma. Ndipo munthu yekhayo amene anazindikira, m'malo momuchotsa, anakhala miyezi yonseyi akuzungulira kumbuyo kwa ng'oma kuti alankhulire kukhutu limene limamva.

Wolengeza anaitananso. "A ku Balaka, mukubwera kapena tiitane ena?"

Njira zinali ziwiri. Ina inali yotulukira pachipata, kampando kali pamutu, osayang'ana munthu kumaso. Ina inali yokwera pansanja pomwe paja, pamaso pa anthu omwe amusekawo, ndi kumvera mawu a munthu amene wangomunamizira kumene. Yachiwiriyi ndiyo inali yolemera.

Madala anatola tam'khutu patebulo. Anapukuta fumbi ndi malaya ake. Podutsa pafupi ndi mayi Nankhoma anati, "Mayi, ndakuchititsani manyazi." Mayiyo anati, "Kakhaleni pampando wanu, Madala, dzuwa likutiotcha." Anakhala pakampando kake. Kofiira anakalowetsa kumanja.

M'khutu munamveka mawu ofatsa a wa makina uja. "Madala, ndikuwerenga. Wani, thuu, fili, folo."

Ke, ke, ke, ke. Tsopano anakumvetsera bwino kugundako, ndipo anakuzindikira. Anali mayendedwe ake omwe, a tsiku limene mtima wake unali pamalo. Khoma linkayankhabe. Silinasiye. Koma iye sanalipatsenso khutu. Malipenga analowa pa nthawi yake, kwaya inavomera pa nthawi yake, ndipo amayi aja anamaliza gule wawo.

Nyimbo yoyamba ija sinabwerenso. Kwa miyezi ingapo, a bandiyo akamadutsa, anthu ankafunsa ngati kwaya yatuluka pansi pa tebulo. Madala ankadziwa amene anagwetsa nyimbo ija.

Abale ndi alongo, tanthauzo la fanizoli ndi ili. Woimba ng'oma uja ndi ine, ndiponso ndi inu. Kam'khutu kaja ndi mawu a Mulungu amene Mzimu wake amalankhula mumtima mwa munthu. Ndi mawu aang'ono. Khamu siliwamva. Amangokuuza kuti dikira, tsopano lowa, usathamange. Ndipo Wolankhulayo amadziwa khutu lathu limene linatseka. Amadziwa chofooka chimene tinabisira ngakhale a m'nyumba mwathu. Sachilengeza pabwalo. Amangozungulira, n'kudzaima mbali imene tingamve.

Koma ife timamukayikira. Akatiletsa chinthu timati akufuna kutimana. Akatiika chizindikiro timati akufuna kutidula. Akatitumizira munthu wotiyalira thumba pansi pa ng'oma, timafunsa kuti ameneyu akufunanji. Sitipita kukafunsa, timangosonkhanitsa umboni. Tsiku lina timavula kam'khutu kuti timve tokha zoona zake. Ndipo chimene timamva si mdani. Ndi mantha athu omwe, agunda khoma n'kubwerera. Tikawadikira, nawo amatidikira. Tikachedwa, nawo amachedwa. Nyimbo imagwa, ndipo sigwera ife tokha, imagweranso amene akuimba nafe.

Mwina wina pano wavula kale. Kakulendewera paphewa, kakulirabe. Nyimbo yoyamba yapita, ndipo sitingaibweze. Koma wolengeza sanaitane ena. Tolani, pukutani fumbi, kofiira kalowe kumanja. Amene mukumukayikirayo sanaike wina pampando wanu. Waima kumbali imene mumamvera, ndipo akudikira kuti akuwerengereni.