Mchombo wa Tionenji

Kalekale, mitengo ikadali yochuluka kuposa nkhwangwa, kunali mayi wina dzina lake Nankhoma. Mwamuna wake anali wowotcha njerwa. Chaka ndi chaka ankadula mitengo n'kuisonkha mu uvuni, mpaka phiri linatsala ngati mutu wometa mpala. Tsono madzi a mvula anasowa chowagwira. Anakumba chigwembe, ndipo chigwembecho chinayamba kukwawira kunyumba yawo ya njerwa. Khoma linang'aluka, mng'alu woti nkhuku n'kulowetsa mutu.

Mwamunayo anaponya nkhwangwa pansi. "Sindidulanso mtengo," anatero. Anapita pamtunda, tsidya la chigwembe, n'kuyamba kumanga nyumba ya mdindo. Ankathira dothi lonyowa pakati pa matabwa, n'kulisinja ndi munsi mpaka lilimbe. Madzi ake ankatunga Nankhoma. Khosi linamuuma, zidendene zinang'ambika. Koma mtolo wolemera unali wina: kukonzekeretsa ana ake atatu kuti asamuke mvula isanagwe.

Chisamba, Chiletso, anakwinya nkhope. "Mwana wa wowotcha njerwa kukagona m'chulu? Anzanga azinditcha chiswe."

Nankhoma sanakangane naye. Anangomupatsa munsi. Chiletso anasinja, nasinja, mpaka manja anatuluka matuza. Mawa lake anamveka akuuza anzake kuti, "Khoma ilo ndadinda ndine. Talimenyani muone."

Wachiwiri, Msatero, anali wamantha. "Amayi, dothi likakumana ndi madzi ndi phala. Tidzadzuka tili m'matope."

Nankhoma anamulozera denga lotambalala lomwe linkaphimba makoma. Kenako anamupatsa chikho cha madzi. "Thira." Msatero anathira pakhoma, madzi n'kungotsetsereka.

"Ndithirenso?"

"Iyayi, bambo. Madziwo ndatunga ndine."

Tsono mzime, Tionenji, anakana kusamuka. Anangokhala pakhomo la nyumba yong'alukayo, miyendo atapinda. Nankhoma anamulonjeza kazenera kakekake kunyumba yatsopano. Mwana osanyamuka. Anamubereka kumbuyo n'kuwoloka naye chigwembe. Atangotembenuka kuti atule mtsuko, mwana anali atabwerera. Kachitatu anamukalipira mpaka mawu anasasa. Tionenji anangoweramitsa mutu, osasuntha.

Mphasa zinapita, mbiya zinapita, nkhuku zinapita. Kum'mawa mitambo inayamba kuda, ndipo bingu linamveka chapatali. Nankhoma anayang'ana mng'alu uja. Anadziwa kuti mvula yoyamba ikam'peza mwanayo pakhomo pamenepo, khoma lidzam'gwera.

Mphamvu zinam'thera. Anangoti khwethe pambali pa mwana wake, n'kutambasula miyendo. Tionenji anayang'ana phazi la amake, naona munga. Anauzula pang'onopang'ono ndi tizikhadabo take, n'kupemererapo.

"Amayi, mwatopa."

"Ndatopa, mwanawe. Ndi mawu omwe andithera."

Apo m'pamene mwanayo anatsegula pakamwa.

"Azakhali anati nditabadwa, mchombo wanga utagwa, munaukwirira pano pakhomo. Zonse mwanyamula, ngakhale nkhuku. Koma uwo mwausiya wokha. Madzi autenga."

Nankhoma anagwira pakamwa. Anaukwirira yekha ndi manja ake, koma anali ataiwala. Masiku onsewo ankangouza mwanayo za komwe akupita, osam'funsa n'kamodzi komwe chimene chikum'gwira.

Anatenga khasu n'kukumba pakhomopo. Tionenji anasuzumira m'dzenje. "Suoneka."

"Unasanduka dothi lomweli. Bwera nalo dengu."

Atafika nalo pamtunda, mwamuna uja anapukusa mutu. "Makoma ndamaliza, mayi. Dothi limeneli lilowa pati?"

"Pansi sitinazire, bambo a Chiletso."

Tsono Nankhoma anasakaniza dothilo ndi lozirira, nagwada, nayamba kulipaka pansi ndi chikhatho. Tionenji ankasalaza ndi kamwala m'mbuyo mwake. Pakhomo panaima Chiletso, akukanda pansi ndi chala chakuphazi.

"Amayi, nanga wanga munaukwirira pati?"

"Chiswenso chili ndi mchombo?" anaseka Msatero.

"Chete iwe, phala," anatero Chiletso.

Msatero anasiya kuseka. "Wanganso, amayi."

Nankhoma anagwira msana. Anausa moyo, nanyamula dengu, nawolokanso chigwembe. Anakumba pamene panagona wa Chiletso, nakumba pamene panagona wa Msatero. Pobwerera anasenza dengulo pamutu. Ali pakati pa chitunda anamva mutu wapepuka. Mwamuna wake anali atam'landa dengu n'kutsogola.

Pansi patangouma, mvula inafika masana, ya mkuntho. Chigwembe chinadzaza, ndipo onse anaona nyumba ya njerwa ikupendekeka, kenako n'kugwera m'madzi, ndi khomo lake lomwe. Nankhoma anacheukira mzime wake. Tionenji sanalire. Anali atakhala pansi pozira paja, chikhatho chili padothi.

"Tonse tilipo," anatero mwanayo.

Nankhoma anatsamira khoma la mdindo. Linali lofunda. Tulo tinam'ba dzuwa likadalipo, atakhala choncho. Chiletso anam'funditsa chitenje, ndipo Msatero anatulutsa mitsuko yonse panja kuti mawa amake asapite kuchitsime.

Mwamva, ana inu? Nanunso akulu muli kumbuyoko, mverani. Posamutsa mwana, usangomuuza za ubwino wa komwe akupita. Khala naye pansi, um'funse chimene akusiya, ndipo um'thandize kuchinyamula. Ukapanda kutero, udzasamutsa miyendo yokha, mtima udzatsala pabwinja.

Yanga nthano yathera pomwepo, pansi pazirika, pauma.