Timu Imene Inakana Kulowera Pachipata

Njiri ndi Birimankhwe anali a timu imodzi ya mpira, koma pa nkhani ya mankhwala sankamwerana madzi. Njiri anali kaputeni wa Ziphaliwali za Kuphiri, wotchinga kumbuyo amene maondo ake anali atayamba kale kudandaula. Birimankhwe mpira sankaugunda n'komwe. Ankadzitcha dokotala wa timu, koma ntchito yake yeniyeni inali kukayikira. Diso lina kuno, lina uko, paliponse iye ankangoona zithumwa.

Chaka chimenecho matimu a maiko oyandikana ankalimbirana chikho, ndipo Ziphaliwali zinakankha anzawo mpaka kufika mu ndime yomaliza. Masewerowo anayenera kukachitikira kutsidya kwa mtsinje, kwawo kwa timu ya Mafunde. Kwa Njiri, awa anali masewero otsiriza asanapachike nsapato. Zaka zonse zija anathera m'fumbi, chikho anali asanachikhudzepo ngakhale ndi mphuno.

Anawoloka m'mawa, n'kufika dzuwa likuswa mtengo, kukhosi kuli gwa. Njati, mkulu wa Mafunde, anawachingamira ndi mitsuko ya madzi, mbatata zophika ndi mikoko ya nthochi.

"Takulandirani, abale athu," anatero Njati. "Imwani, idyani, mpira tikambirana m'bwalo."

"Wina asakhudze!" anakuwa Birimankhwe. "Munaona kuti mdani akukuphikira mbatata? Mukangomwa madzi amenewo, miyendo iti lende ngati chingwe."

"A dokotala, anyamatawa ayenda mtunda wautali," anatero Njiri. "Asewera bwanji m'mimba muli pululu?"

"Chakudza sichiyimba ng'oma, a kaputeni. Inu maso anu amaona kumodzi, ine ndimaona kuwiri."

Mantha safuna kuitanidwa kawiri. Osewera onse anabweza manja, ngakhale Nswala, womwetsa zigoli wawo, amene malovu anali atayamba kale kuchucha. Njiri ankadziwa bwinobwino kuti zimenezi n'zopusa, koma anangokukuta mano. Ankati kukangana tsiku la masewero n'kugawa timu.

Atafika pachipata cha bwalo, anapeza pansi pali ponyowa. Birimankhwe anasanduka wakuda bii, mchira n'kuupinda.

"Bwererani! Atsirika!"

"Iyayi, tangowaza madzi kuti fumbi lisakuvuteni," anafotokoza Njati.

"Fumbi? Ha! Fumbi limeneli layamba kuvuta lero pamene tabwera ife? Anyamata, tiboola mpanda."

"Abale inu, mpandawo ndi wa nkhadze!" anachenjeza Njati.

"Mwamva?" anatero Birimankhwe akumwetulira. "Zawapweteka kuti tazemba msampha wawo."

Njiri anayang'ana chipata chili yasa, chokwana njovu ziwiri zoyenda mogundizana mapewa. Anayang'ananso mpanda uja. Mumtima ankatukwana, koma pakamwa panali zii, kachiwiri.

Woyamba kulowetsa mutu mumpandamo anali Nyani, goloboyi wawo, chifukwa dokotala anati woyenera kutetezedwa kwambiri ndi iyeyo. Tinthambi tinangoti thyo thyo, utomoni woyera uja n'kudonthera m'maso mwake. Amene nkhadze inamulowapo m'diso safunsa zimene zinatsatira.

"Mayo ine! Maso anga! Ndapsa ine!" Nyani ankagubuduzika pa udzu.

Njati anathamanga ndi mtsuko. "Musukusuleni msanga, madzi ndi awa!"

"Madzi awo omwe aja?" anatero Birimankhwe. "Chotsani! Awa ndi mankhwala ayamba kugwira ntchito, akufuna amalizitse."

Apa Njiri zinamukwana. "Mankhwala ake ati, inu? Ndi nkhadze iyi, nkhadze! Ndi kwathu komwe ilipo, kuseri kwa khola la mbuzi! Nswala, landira mtsukowo!"

Koma Nswala anabwerera m'mbuyo, anzake onse n'kutsatira. Kaputeni amene anakhala chete pa mbatata, n'kukhalanso chete pachipata, ankafuna amumvere ndani tsopano? Nyani mwini wake, maso ali psuu, ankakankha mtsukowo ndi mwendo. Woyimbira analiza wezulo.

Zimene zinachitika m'bwalomo, ngakhale kuzifotokoza zimandichititsa manyazi. Mpira ukapita kumanja, Nyani ankadumphira kumanzere. Nthawi ina anawakha mutu wa Njiri n'kuukumbatira zolimba, akukuwa kuti, "Ndaugwira!" pamene mpira weniweni unkagubuduzika pang'onopang'ono kulowa mu ukonde. Ochemerera a Mafunde anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kutsogolo nako kunalibe chabwino. Nswala, amene ankathamanga ngati mphepo, lilime linali panja chigawo choyamba chisanathe. Njiri anayesetsa, mayi wanga iwe, anayesetsa. Ankatchinga kuno, kuthamangira uko, mchira uli njo, kukalipira aliyense. Koma chitseko chimodzi sichitseka nyumba yopanda khoma, ndipo masewero anatha Mafunde atamwetsa zigoli zinayi kwa duu.

Njiri anatsimphina mpaka pamene panali mtsuko uja, n'kugwada, n'kupapira madzi timu yonse ikuona. Anadikira kuti afe. Sanafe, ludzu lokha ndi limene linatha.

Kenaka anakoka Nyani pakhosi n'kumusukusula. Patapita kanthawi Nyani anaphethira, maso n'kutseguka. Chinthu choyamba chimene anaona chinali chikho chikunyezimira m'manja mwa eni bwalo.

Njati anabwera n'kukhala pambali pa Njiri. "Achimwene, ndikuuzeni zoona," anatero motsitsa mawu. "Ife timakuopani. Timu yanu ndi yabwino kuposa yathu, ndipo anyamata anga anabwera atavomera kale kugonja. Koma inu mwatimenyera nokha nkhondo yonse."

Mawu amenewa anamulasa Njiri kuposa zigoli zinayi zija. Misozi inalengeza, osati chifukwa cha nkhadze ayi.

"Mwaona mphamvu ya mankhwala awo?" anamveka mawu kuchokera m'mwamba. "Pakanapanda ine, bwenzi zili khumi!"

Njiri anakweza maso. Birimankhwe anali atakhala phee pamwamba pa chipata chomwe chija, akuwakha ntchentche zimene zinkazungulira nthochi za eni mudzi.

"A dokotala," anatero Njiri, "khalani pomwepo. Kwathu musatitsatire."

Atatero anatsogolera timu yake kutulukira pachipata, aliyense mbatata ili m'manja. Palibe amene anauma mwendo. Koma maondo a Njiri sanalolenso mpira, ndipo chikho chija anangochionera patali mpaka ukalamba wake.

Phunziro: Wokayikira mnansi pa chilichonse amadzigonjetsa yekha wezulo isanalire. Ndipo mtsogoleri amene waona zopusa n'kukhala chete, tsiku limene adzatsegule pakamwa adzapeza kuti palibe womumvera.