Mmene a Chikakuda Anadyera Phula

Ana inu, mwambi wa Safunsa mumaudziwa. Aphunzitsi akakuuzani kuti unayamba ndi munthu wamakedzana amene anatafuna chisa cha njuchi, musawatsutse, mungakalime kumunda wa sukulu. Ine sukulu ndinaisiya kabudula woyamba asanang'ambike, ndiye za m'mabuku sindilimbana nazo. Koma Safunsa amene ndikumudziwa ine anali wa pa Nathenje pompano, wosoka nsapato, ndipo tsiku limene anadya phulalo ndinali pa benchi yake.

Dzina lawo lenileni anali a Chikakuda. Mmisiri ndithu. Nsapato ikathina ankaipala, ikakhwepa ankaiphatika kachikopa, ndipo ulusi wosokera ankaupaka phula la njuchi kuti usaduke. Phulalo linkakhala m'thumba la malaya, ndipo likauma ankaluma kachidutswa n'kukafewetsa m'kamwa. Mawu awo anali amodzi chaka ndi chaka: padziko palibe chinthu chosakwana, alipo ndi mmisiri waulesi.

Akazi awo, a Nangondo, ndiwo ankatsogolera kwaya ya amayi a kumpingo. M'nyumba anali ndi kompyuta yakale ya chibokosi, imene alongo awo anawasiyira atapuma ntchito m'tauni. Zing'wenyeng'wenye zonse zimene kwaya inkaimbira zinali mmenemo. Koma chibokosicho chinali chitakalamba. Ukachiyatsa unkatha kupita kumjigo n'kubwerako chisanadzuke. Nyimbo ikafika pakati chinkangoima, amayi n'kutsala kukamwa kuli yasa, kenako n'kuyambiranso iwo akupuma. Tsono Loweruka la sabata imene ndikunenayi kunali mpikisano wa makwaya ku Lilongwe, umene amayiwo anaukonzekera chaka chonse mpaka kusoketsa yunifolomu.

Kuseri kwa nyumba, kungodutsa mpanda wa udzu, kunkakhala mkamwini wawo Malizani, amene anakwatira mwana wawo woyamba. Ntchito yake inali yokonza mafoni ndi makompyuta pamsika.

"Abambo," anatero a Nangondo tsiku lina, "bwanji mumuitane Malizani adzachione chinthuchi?"

"Mkamwini?" A Chikakuda sanakweze n'komwe mutu pa nsapato. "Mkamwini timamutuma, sitimufunsa. Lero ndimufunse za kompyuta, mawa azidzandiuza kafoleredwe ka nyumba yanga?"

"Basi ndikamufunsa ndine."

"Inu? Mpongozi ndi mkamwini kumanong'onezana pampanda? Mudzi uno uti chiyani? Khalani pansi, Nangondo. Mmisiri m'nyumba muno alimo."

Kalaliki wina wobwera ndi nsapato anali atawauzapo kuti kompyuta ikamachedwa imafuna kuwonjezera ramu. Ramu ndi kathabwa kobiriwira, kotalika ngati chipeso, kamene kompyuta imagwirira zimene ikuchita pa nthawiyo. Kakachepa, kompyuta imakhala ngati munthu wotola mtedza ndi dzanja limodzi. A Chikakuda anamva pomwepo, n'kuona kuti amva zokwanira. Anakwera minibasi kupita m'tauni, nakaima pa tebulo lina la matchaja ndi mawaya.

"Ramu yake yamtundu wanji, madala?" anafunsa wogulitsayo. "Yakaleyo mwabwera nayo kuti tifanizire?"

"Iwe, munthu akamakagula misomali amasenza denga? Ndipatse yaikulu."

Wogulitsa anawapatsa yaikulu.

Lachisanu masana amayi a kwaya anasonkhana pabwalo, pamikeka, kudikira kuyeserera komaliza. A Chikakuda ananyamula chibokosi chija n'kuchikhazika pakhonde, pa benchi yosokera. Ine ndinali pomwepo kudikira nkhwaira zanga, zimene zinali zitagonera pamenepo kuyambira nthawi ya dzinja.

Anamasula zomangira, nachotsa chivundikiro. Fumbi linali ngati m'nkhokwe yakale. Anauzira, natsokomola, kenako anaiona ramu yakale itaima m'kamsewu kake, ndipo pambali pake panali kamsewu kena kopanda kanthu. Mpaka apa zinali bwino. Ramu yatsopano inali yotalika chimodzimodzi. Koma m'munsi mwake munali kampata, ndipo m'kamsewu muja munali kachotupa koyenera kulowa m'kampatako. Ziwirizi sizinakumane. Anaitembenuza. Sizinakumanebe.

"Yathina," anatero a Chikakuda, osadandaula konse.

Anatenga chitsulo chopalira zidendene n'kuyamba kupala kampata kena pamalo pamene iwo anafuna. Nthawi yomweyo Malizani anatulukira ndi njinga yake kuchokera kumsika. Anatsika, nanyonyomala chapatali monga achitira mkamwini.

"Mwaswera bwanji, bambo?" Mawu anali kwa apongozi, koma maso anali pa chitsulo chija.

"Taswera. Pitani mukapume, mwatopa."

Mnyamatayo anaona zimene zinkachitika. Koma mkamwini salankhula pa ntchito ya apongozi asanafunsidwe. Anadzuka, nakankha njinga kulowa kuseri. Inenso ndinali ndi maganizo anga, koma nanenso sanandifunse.

Atamaliza kupala anaikanikiza ramu ija ndi zala zazikulu zosokera nsapato. Inalowa, koma kangowe kapulasitiki koigwirira kumapeto kanathyoka n'kugwera pansi. Tsopano ramu inkagwedera.

"Yakhwepa," anatero a Chikakuda.

Apa n'kuti dzanja lili kale m'thumba la malaya. Analuma phula chidutswa chachikulu ndithu, natafuna mpaka kufewa, namata kumapeto konse kuwiri. Lotsala analisunga m'tsaya, poti mwina lifunikanso. Anagwedeza ramu ndi chala. Inali nji.

"Nangondo! Auzeni amayi aimirire. Lero muchita kuithamangira nyimbo."

Amayi anaimirira m'mizere, nakonza zitenje. A Chikakuda analumikiza mawaya, nadina batani. Kachipupizira ka m'kati kanazungulira kamodzi. Kenako kunamveka kuti thaa! Utsi unatuluka woonda, wabuluu, ndipo pakhonde ponse panamveka fungo la mphira wopsa losakanikirana ndi la uchi. A Chikakuda anadzidzimuka, nadumphira m'mbuyo, ndipo phula la m'tsaya lija linatsika kukhosi lonse.

Anagwira pakhosi, maso ali tong'o. Amayi anathamangira pakhonde.

"Abambo, mwameza chiyani?" anafuula a Nangondo.

"Phula," anayankha ndi mawu a mwanapiye.

Anawamwetsa madzi ofunda, phula linapita kumene kumapita zakudya. Pamenepo a Nangondo sanapemphenso chilolezo, anatuma mwana wawo kuti akaitane mwamuna wake. Malizani anabwera, nanyonyomalanso, nasuzumira m'chibokosi nthawi yaitali. Anakanda phula ndi chikhadabo, nalinunkhiza.

"Lankhulani," anatero a Chikakuda, akuyang'ana kumbali.

"Bambo, kampata kaja amakaika dala. Ramu zili m'mitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi magetsi ake. Kampatako kamaletsa ya mtundu wina kulowa. Pano bolodi, thabwa lalikulu lolowetsapo ramuli, lapsa, ndipo moto wafika mpaka posungira nyimbo."

"Nanga yoyenera imapezeka kuti?" anafunsa mayi wina wa kwaya.

Malizani anayang'ana pansi. "Ndili nazo m'kabati kunyumbaku, zikungokhala. Ndikanaika madzi a tiyi asanawire."

A Nangondo anayang'ana mpanda wa udzu uja, nayang'ana amuna awo, nalowa m'nyumba.

Malizani anayesetsa kutsitsimutsa nyimbo zija kumsika, koma panalibe chotsala. Loweruka amayi anapita ndithu, atavala yunifolomu yawo yatsopano. Anaimba ndi m'manja mokha. Poti chaka chonse anazolowera kutsogoleredwa ndi zing'wenyeng'wenye, ena anayambira kumwamba, ena pansi, nakakumana pa Ameni. Mphoto inapita kwina. Pobwerera m'basi ndimo mayi wina anati, "Tisadandaule, anzanga, ife tangoluza. Safunsa uja anadya phula." Basi yonse inaseka, kupatula a Nangondo, ndipo pofika pa Nathenje dzina linali litamata kuposa phulalo.

Nkhwaira zanga anandisokera sabata yotsatira. Ulusi wake unali wouma, sunachedwe kuduka.

Ndiye mukamva akulu akuti safunsa anadya phula, tanthauzo lake ndi ili: luso la pa ntchito imodzi silikuuza zonse za ntchito ina, ndipo chinthu chikamakana kulowa nthawi zina chimakhala chikukuchenjeza. Wodziwa sakhala patali. Kawirikawiri amakhala kuseri kwa mpanda, ndi munthu amene ukuona kuti kumufunsa n'kudzitsitsa. A Chikakuda anakwera minibasi mpaka m'tauni pothawa funso limodzi, pamene yankho linali m'kabati ya mkamwini. Funsani, ana inu. Manyazi a funso amatha tsiku lomwelo, koma dzina la Safunsa a Chikakuda akuliyankhabe mpaka lero.